Musanatole kagalu, kaoneni make ali pa nkhosa

Kagalu ka milungu 7 sikangakuuzeni ngati kadzadziwa kubusa nkhosa. Mungakanyamule, mungakagoneke chagada, mungakaponyere kampira kuti muone ngati kathamangira, koma chimene kadzakhale pakatha zaka ziwiri chikadali chobisika. Ndayambira pamenepa chifukwa anthu ambiri ofuna galu wa ntchito amathera nzeru zawo zonse pa tsiku lokatenga, atanjuta pakati pa tiagalu, maso ali yuu kufunafuna chizindikiro. Ndimawamvetsa. Galu ameneyu mudzayenda naye zaka 10 kapena kuposa, pa mvula ndi pa dzuwa, ndipo palibe amene amafuna kuphonya. Koma mbali yaikulu ya kusankhaku imatha musanafike n'komwe pamene pagona tiagaluto. Imathera pa make ndi bambo wake.

Tigwirizane kaye za galu amene tikunena. Alipo agalu olondera nkhosa, monga Maremma wa ku Italy ndi Kangal wa ku Turkey, amene amakulira m'kati mwa gulu, kugona nalo, n'kumaliteteza ku zilombo. Amenewo ntchito yawo ndi ina ndipo kasankhidwe kawo n'kena. Ine ndikunena galu wokusa ndi kuyendetsa nkhosa, amene mumamutuma, iye n'kuthamanga mozungulira patali, kukatulukira kuseri kwa gulu, n'kulibweretsa pamene mwaima. Zochita za galu wotereyu zinachokera ku ulenje. Amayang'anitsitsa, amawenda mutu uli pansi, amatsekereza njira, koma gawo lomaliza, logwira ndi kupha, abusa analifooketsa pang'onopang'ono posankha agalu oti aswane. Galu mungamuphunzitse kuti likhweru ili ndiye kumanja, ili ndiye kumanzere, ili ndiye ugone. Koma simungamuphunzitse kuzifuna nkhosa, kapena kuzindikira yekha poyenera kuima kuti gulu lilunjike kwa inu. Zimenezo amabadwa nazo. Make mbuu, mwana mbuu.

Abusa a m'malire a England ndi Scotland anazidziwa kalekale. Mu 1893, ku Northumberland, kumpoto kwa England, agalu awiri a Adam Telfer anabereka kagalu kamene lero timakadziwa ndi dzina loti Old Hemp. Make anali Meg, wa diso lamphamvu kwambiri pa nkhosa, ndipo bambo wake anali Roy, galu wofatsa. Agalu ambiri a nthawi imeneyo ankabusa mwaphokoso, koma Hemp ankagwira ntchito ali chete, nkhosa n'kumamumvera. Abusa anayamba kumubweretsera agalu awo aakazi, ndipo lero magazi a ma Border Collie ambiri, omwe ndi mtundu wa agalu obusa nkhosa wochokera kumalire amenewa, amakafika kwa iye. Nkhaniyi ndimaikonda chifukwa imaonetsa kumene galu wabwino amachokera: kwa agalu awiri amene mwini wawo ankawadziwa bwino pa ntchito, mphamvu zawo ndi zofooka zawo zomwe.

Mpikisano woyamba wodziwika wa agalu obusa ku Britain unachitikira ku Bala, ku Wales, mu 1873, ndipo mu 1906 kunakhazikitsidwa bungwe la International Sheep Dog Society, lomwe limasunga kaundula wa agaluwa. Bungweli silifunsa kuti galu akuoneka bwanji. Makutu akhale oima kapena ogwa, ubweya ukhale wautali kapena waufupi, zilibe kanthu, ndipo ngakhale galu amene makolo ake sanalembedwe angathe kulowa m'kaundula ngati waonetsa yekha kuti ntchito amaitha. Mapepala a m'kaundula oonetsa makolo a galu ndi othandiza, koma awerengeni mosatengeka. Wogulitsa akhoza kukulozerani dzina la Wiston Cap, galu wa John Richardson amene anapambana mpikisano waukulu wa bungweli mu 1965, n'kunena kuti taonani magazi ake. N'zoona, koma Wiston Cap anabereka kwambiri moti dzina lake likupezeka kumbuyo kwa agalu osawerengeka, abwino ndi achabe omwe. Dzina lotchuka limene lili mibadwo yambiri kumbuyo silikuuzani zambiri za kagalu kali m'manja mwanu. Mayina awiri a make ndi bambo wake pa pepalalo ndiwo ofunika, ndipo amenewo mungathe kukawaona ndi maso.

Ndiye pitani mukamuone make ali pa nkhosa. Ngati n'kotheka pitani asanaswe. Bere la galu limatenga masiku pafupifupi 63, choncho nthawi ilipo mukamva msanga. Mukapita ataswa kale, mudzamupeza woonda, ubweya ukuthothoka, mawere akulendewera, ndipo si bwino kumuweruza pa liwiro. Pemphani mwini wake amutume inu mukuona, ndipo muyang'ane nkhosa koposa galuyo. Galu wabwino akamazungulira amapita patali moti nkhosa zimapitiriza kudya mpaka atafika kuseri kwake. Akafika amachepetsa liwiro. Nkhosa imodzi imadzutsa mutu, zina n'kutsatira, zimayandikirana, kenaka gulu lonse limayamba kuyenda molunjika kwa mbusa, osabalalika, osathamanga. Zikafika pamapazi panu zikupuma wefuwefu, ana atasiyana ndi amawo, dziwani kuti galuyo ndi wajijirijijiri ngakhale aoneke waliwiro chotani.

Nthawi imene ine ndimadikira ndi ya nkhosa yamakani. M'gulu lililonse imakhalamo, kawirikawiri yaikazi yokhala ndi mwana. Imatembenuka, imamuyang'ana galu m'maso, n'kuponda pansi ndi mwendo wakutsogolo, di, di. Apa ndimasiya kucheza ndi mwini galu. Galu wina amatembenuza mutu ngati sanaione, n'kubwerera m'mbuyo. Ameneyo nkhosa zamudziwa kale ndipo mawa zidzamuchita zomwezo. Wina amailumphira n'kuiluma m'ntchafu, kumene kuli kuperewera kwa mtima komweko koma kobisika m'ukali. Amene ndimamufuna amatsitsa mutu, amanyamula phazi limodzi, n'kuliponda patsogolo pang'ono. Amadikira. Amapondanso lina. Sachotsa diso. Pakapita kanthawi nkhosa ija imagwedeza makutu, imayang'ana kumbali, n'kutembenuka yokha kutsata zinzake. Ndikaona zimenezi mtima wanga umakhala pansi, ndipo tiagalu take ndimakhala nditatifuna kale ndisanatione.

Muonenso ntchito ikatha. Kodi amatha kugona phee pamthunzi, kapena amangozungulirazungulira, kuuwa chilichonse chodutsa? Mlendo akamuyandikira amatani? Galu amakhala maola ambiri kunja kwa ntchito kuposa ali pa ntchito, ndipo mantha kapena kusakhazikika kwa make kumapita kwa ana m'njira ziwiri, m'magazi ndiponso m'zimene amaona kwa iye ali aang'ono. Bambo wake nthawi zambiri amakhala kwa mbusa wina. Ulendo wokamuona ndi woyenera mtunda wake. Zikakanika, pemphani vidiyo yosadulidwadulidwa, yoonetsa ntchito wamba ya tsiku ndi tsiku. Ndipo ngati agalu awiriwa anaswanapo kale, funsani kumene kuli ana a bere loyambalo. Galu wa zaka ziwiri wa makolo omwewo adzakuuzani zambiri kuposa china chilichonse chimene mungachite ndi kagalu ka milungu 7.

Funso limene ndimakonda kufunsa mwini agalu ndi lakuti, kodi galu wanuyu chimamuvuta n'chiyani? Munthu amene amagwiradi naye ntchito sachedwa kuyankha. Adzati amayandikira kwambiri akamazungulira, kapena amakakamira pamalo amodzi diso lili pa nkhosa osafuna kusuntha, kapena safuna kukalipiridwa. Akanena kuti alibe vuto lililonse, ndiye kuti mwina samudziwa galu wake, kapena sakufuna kuti inu mumudziwe.

Galu wabwino kwa wina akhoza kukhala wolakwika kwa inu, choncho ganizirani ntchito yanu yeniyeni. Ku New Zealand, kumene magulu aakulu amadya m'mapiri otsetsereka, anapanga Huntaway, galu wamkulu amene amayendetsa nkhosa ndi kuuwa. Ku Australia kuli Kelpie, wopirira kutentha, amene m'makola opanikizana amatha kuthamanga pamisana pa nkhosa kuti akafike kutsogolo. Ngakhale pakati pa ma Border Collie pali kusiyana: ena anazolowera nkhosa zochepa, zopepuka, za pa mpikisano, ena ndi a magulu aakulu ndi nkhosa zolemera zosaopa galu. Ganiziraninso mtima wanu. Ngati mumapsa mtima msanga ndipo mawu anu ndi aakulu, galu wofewa mudzamuswa mtima. Ngati ndinu wofatsa ndipo uyu ndi galu wanu woyamba, galu wamphamvu waliuma adzakutopetsani.

Za matenda a m'magazi funsani mosachita manyazi. Pali vuto la maso lotchedwa Collie Eye Anomaly, limene kagalu kamadwala pokhapokha katalitenga kwa makolo onse awiri. Masiku ano amapima DNA, ndipo ngati kholo limodzi lilibiretu, ana sangadwale. Funsani ngati makolo anajambulidwa mafupa a m'chiuno, chifukwa galu wopweteka m'chiuno sangathamange tsiku lonse. Funsani za khunyu, osati kwa makolo okha komanso kwa abale awo, popeza nthendayi imapezeka mwa ma Border Collie ndipo imayamba kuoneka galu atakula kale, mutatha kumuphunzitsa. Agalu awiri a ubweya wamawangamawanga wotchedwa merle sayenera kuswana. Pa ana anayi alionse, mmodzi amayembekezeka kutenga mtunduwo mbali zonse ziwiri, ndipo otere ambiri amabadwa ogontha, akhungu, kapena zonse. Ugonthi umapezekanso mwa ena, makamaka oyera kwambiri kumutu, ndipo madokotala a ziweto ali ndi njira yopimira khutu lililonse palokha yotchedwa BAER. Galu womva khutu limodzi pakhomo amaoneka bwinobwino, koma ali patali m'phiri amasokonezeka kumene likhweru likuchokera. Chinanso chimene woweta nkhosa ayenera kudziwa: agalu ena a mitundu ya collie, makamaka Rough Collie ndi Australian Shepherd, matupi awo sagwirizana ndi mankhwala a ivermectin, omwe timamwetsa nkhosa kupha njoka za m'mimba. Galu wotere angadwale kwambiri atanyambita mankhwala otayikira pansi.

Tsopano mwafika pa tiagalu. Musanatole n'kamodzi komwe, yang'anani malowo. John Paul Scott ndi John Fuller, amene anafufuza kakulidwe ka agalu kwa zaka zambiri ku Bar Harbor, ku Maine, ku America, n'kufalitsa zomwe anapeza mu 1965, anaonetsa kuti kuyambira pa milungu 3 kufika cha pa 12 ndi nthawi imene kagalu kamaphunzira kuti munthu ndi mnzake. Tiagalu totsekeredwa m'chipinda chamdima, toona munthu pa nthawi ya chakudya yokha, tataya kale gawo la nthawi imeneyo. Timene takulira pamene anthu amadutsa, tikumva zitseko, injini, mawu a ana, timakuthamangirani mukangolowa. Ndipo musakatenge kasanakwane milungu 8, ngakhale kakhale kakudya kokha. M'milungu yomalizayo make ndi abale ake amakaphunzitsa malire a kuluma ndi kusewera.

Kamene mwatola kagwireni ndi manja onse, mukaone bwino. Kagalu kathanzi kamalemera kuposa mmene kakuonekera, thupi lake ndi lolimba, khungu lofewa losakakamira. Maso akhale owala, opanda manthongo. Nunkhizani m'makutu. Kwezani mlomo muone usinini: ukhale wofiirira, osati wotuwa, chifukwa wotuwa umasonyeza kuchepa magazi. Onani ngati mano a m'mwamba ndi a m'munsi akukumana bwino. Mimba yotupa pa kagalu koonda, ka ubweya wosawala, kawirikawiri ndi njoka za m'mimba. Papasani pamchombo ngati pali chotupa, yang'anani kunsi kwa mchira ngati kuli zotsalira za kutsekula m'mimba, kenaka kaikeni pansi muone kayendedwe kake. Funsani kuti tinamwa liti mankhwala a njoka, komanso ngati katemera woyamba, woteteza ku matenda a parvo ndi distemper, anaperekedwa. Izi n'zimene maso ndi manja angathe kutsimikiza pa tsikulo, ndipo apa musanyengerere.

Kuyeza khalidwe ndiye kwina. Pali njira zambiri zimene anthu amalemba: kagonekeni chagada muone ngati kalimbana, tsegulani ambulera mwadzidzidzi, kokani kansanza pansi. Ofufuza a ku Vienna, ku Austria, anayesa zimenezi pa ma Border Collie enieni. Anawapima ali ndi masiku 40 mpaka 50, n'kudzawapimanso atakula, ndipo mu 2014 anafalitsa kuti pafupifupi zonse zimene anaona pa tiagalu sizinagwirizane ndi khalidwe la agaluwo atakula, kupatula chidwi chofufuza malo achilendo. Amenewo anali agalu a pakhomo, ndipo ankapima khalidwe wamba, osati luso pa nkhosa. Ngati khalidwe wamba lenilenilo likuvuta kulosera, kuli bwanji luso limene silinadzuke n'komwe? Palinso zikhulupiriro za abusa akale: kuti kagalu kakuda m'kamwa kumwamba ndiko kanzeru, kuti nkhosa siziopa galu woyera, kuti kamene make amayamba kukanyamula ndiko kopambana. Ndimawalemekeza amene amanena zimenezi, ambiri a iwo amadziwa agalu kuposa ine, koma ndikuganiza kuti agalu awo amatuluka abwino chifukwa anasankha bwino makolo, osati chifukwa cha m'kamwa.

Si kuti palibiretu choona. Ine ndimakhala pansi chete, n'kusiya tiagalu tizichita zathu. Kamodzi kamafika kukoka chingwe cha nsapato, kena kamakwera pamwendo, kena kamakhala patali pang'ono kakundiyang'ana, kenaka kamabwera kokha, kununkhiza dzanja, n'kukhala pambali. Pakapita nthawi ndimagwetsa chitini chopanda kanthu chapatali. Tonse timadzidzimuka, ndipo kudzidzimuka si vuto. Chimene ndimayang'ana ndi chotsatira: ndi kati kakubwerera kukanunkhiza chitinicho, ndi kati kakhalabe pakona kakunjenjemera abale ake atayambiranso kusewera. Kamantha kotere ndimakasiya, ngakhale kamandimvetsa chisoni, chifukwa galu wa ntchito adzakumana ndi mabingu, magalimoto ndi nkhosa zogunda. Kamene kamavutitsa anzake osaleka nakonso ndimakaganizira kawiri. Otsalawo, amene ndi ambiri, onse ndi otheka.

Kaoneni kawiri ngati mungathe, pa nthawi zosiyana. Kagalu kamene kangokhuta kumene kamaoneka kaulesi, ndipo kamene kangodzuka kamaoneka kolimba mtima kuposa tonse. Mwini wake amationa m'mawa ndi madzulo, choncho muuzeni ntchito yanu ndi mtima wanu moona, mumve kamene angakulozereni.

Za kamuna kapena kakazi sindikhalitsapo. Abwino alipo mbali zonse. Wamkazi amafuna amuna pafupifupi kawiri pa chaka ndipo masiku amenewo amafunika kumusunga. Wamphongo amakonda kuyendayenda akamva fungo. Chimene ndingakuletseni ndi kutenga tiwiri ta bere limodzi. Timakondana tokhatokha, inu n'kukhala wachitatu.

Mukachotsa todwala ndi tamantha, n'kutsala titatu kapena tinayi tofanana, tengani kamene mtima wanu wakonda. Ena amaona ngati amenewa ndi malangizo opepuka, koma ine ndimawatenga mwamphamvu. Kuphunzitsa galu wobusa ndi ntchito ya miyezi yambiri, ndipo m'kati mwake muli masiku oipa: adzabalalitsa gulu, adzakana kugona mukamuuza, adzaiwala lero chimene anachita bwino dzulo. Pa masiku amenewo galu amene mumamukonda mumamupatsa mpata wina, mumatsitsa mawu, mumafufuza chimene sanamvetse. Amene munamutenga chifukwa choti wina anati ndiye wabwino, inu musakumufuna, mumamuona zolakwa zokhazokha, ndipo iye amadziwa. Agaluwa amawerenga nkhope ndi mapewa a munthu monga amawerengera nkhosa. Choncho ngati pali kena kamene maso anu akungobwererako, kaya ndi chifukwa cha kabanga ka pamphuno kapena mmene kanakhalira pambali panu, chifukwa chimenecho n'chokwanira.

Mukafika nako kwanu musathamangire kukayesa pa nkhosa. Kagalu ka miyezi itatu kakagundidwa ndi nkhosa yoteteza mwana wake kangathe kuziopa moyo wake wonse, ndipo kakasiyidwa kuti kazithamangitsa nkhosa, nkhuku kapena magalimoto kokha, kamaphunzira zimene mudzavutike kuchotsa. Miyezi yoyamba ndi yoti kadziwe dzina lake, kazibwera mukakaitana, kazolowere chingwe, kaziyenda nanu. Abusa ambiri amayamba maphunziro enieni galu akayandikira chaka, miyendo itakhwima moti angathe kuzipitirira nkhosa, ndipo amayambira pa nkhosa zochepa zozolowera agalu. Ena chidwi chimawadzukira ali ndi miyezi inayi, ena chimachedwa mpaka chaka chitadutsa, ndipo kuchedwa si chizindikiro choti galuyo ndi wachabe.

Komabe zimachitika kuti makolo onse ndi akatswiri, mwasamala zonse, koma galu wakula osazifuna nkhosa. M'bere limodzi simutuluka ana ofanana. N'chifukwa chake nkhani imeneyi ndi yofunika kuikamba ndi mwini agalu musananyamule kagaluko: zikadzatero, kodi adzamulandiranso, kapena adzakuthandizani kumupezera khomo kumene sakafunika kubusa? Ngati simungathe kudikira chaka ndi theka muli osatsimikiza, chifukwa nkhosa zikufuna galu chaka chomwechino, musagule kagalu. Funani galu woyamba kale maphunziro, wa chaka chimodzi kapena kuposerapo, amene mungamuone akuzungulira nkhosa musanapereke ndalama. Mtengo wake umakhala wokwera, chifukwa wina anadikira kale m'malo mwanu.